Kulera Anapiye M'khola Lapanja Osawataya ndi Chisanu

Mwanapiye wongoswedwa kumene satha kudzifunditsa yekha. Kaubweya kake sikasunga kutentha, ndipo nthenga zenizeni zimakwanira pakatha masabata 5 kapena 6. Wokhala ndi make amangothawira kunsi kwa mapiko. Koma mukagula anapiye a tsiku limodzi m'katoni, kaya a Mikolongwe kaya a nkhuku zanyama, ntchito ya thadzi yagwera inu.

Yambani ndi malo. Khola likhale pokwera, posadikha madzi, khomo lake lifulatire mphepo ya mwera. Anapiye musawapatse khola lonse. Imikani mphasa kapena makatoni mozungulira ngati bwalo, msinkhu wofika m'mawondo, ndipo pasakhale ngodya, chifukwa akazizidwa amakanikizana pakona, apansi n'kufa posowa mpweya. Pansi yalani mankhusu a mpunga kapena utuchi wouma, wochindikala masentimita 5 mpaka 10. Simenti ndi dothi zimazizira kwambiri usiku, ndipo mwanapiye amagona chamimba.

Moto uyatsidwe dzulo lake, anapiye apeze pofunda kale. Sabata yoyamba kutentha kukhale madigiri 32 mpaka 35, ndipo muyeze pansi pomwe iwo ali, osati pakhoma pamsinkhu wa maso anu. Sabata iliyonse tsitsani ndi madigiri atatu mpaka mufike cha pa 21.

Babu yamagetsi ndi yabwino, koma mbaula ikhale pafupi, poti magetsi akazima pakati pa usiku maola ochepa okha akukwana kukuonongerani. Makala muyatsire panja, muwalowetse atayaka bwino ndipo utsi utatha. Ikani mbaula, kapena mphika wadothi woboola timabowo, pamwamba pa njerwa, muutchinge ndi waya kuti anapiye asapse komanso utuchi usagwire moto. Apa ndi pomwe ambiri amalakwa ndi mtima wabwino: amatseka paliponse ndi mapepala apulasitiki kuti kutentha kusathawe. Makala amatulutsa mpweya woipa wosaoneka, wosanunkha, womwe umapha. Tsekani m'munsi ndi masaka, koma kumtunda, pafupi ndi denga, siyani mpata.

Ngati mulibe choyezera kutentha musade nkhawa, anapiye eni ake adzakuuzani. Akaunjikana pafupi ndi moto n'kumalira mokweza osalekeza, akuzizidwa. Akathawira m'mbali, kukamwa kuli yasa, timapiko tili lende, moto wachuluka. Akadzazana mbali imodzi yokha, pali mphepo ikulowa. Pitirizani dzanja m'munsi mwa khoma, muipeza. Akamwazikana bwalo lonse, ena akujompha, ena akumwa, ena ali gone, musasinthe kanthu. Ine ndimakhulupirira zimenezi kuposa chipangizo, chifukwa chipangizo chimayeza malo amodzi okha.

Nthawi yoopsa ndi m'bandakucha, makala atazilala ndipo chisanu chili pachimake. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, makamaka kumalo okwera ngati Dedza ndi Mzimba, kapena chiperoni chikagwa ku Thyolo ndi Mulanje, dzukani tambala woyamba asanalire mukaonjezere makala. Ku Chikwawa ndi Nsanje mu Okutobala vuto ndi lina: masana moto suyenera n'komwe, kwezani masaka, ndipo ngati denga ndi lamalata liyalireni udzu pamwamba.

Madzi akumwa akhale m'chiwiya chosazama, muikemo timiyala. Mwanapiye akanyowa amazizidwa ngakhale moto uli pomwepo. Utuchi ukanyowa, uchotseni tsiku lomwelo.

Akamakula futukulani bwalo lija pang'onopang'ono. Pofika sabata yachitatu kapena yachinayi, yambani kuwatulutsa dzuwa likakwera, ola limodzi kapena awiri poyamba, pamalo ouma mame atakamuka. Kampanda ka pamalopo kakhale ndi waya kapena ukonde pamwamba poopa mphamba ndi akhwangwala, ndipo mbali ina ikhale ndi mthunzi. Alowetseni dzuwa lisanapendeke. Wazani phulusa kuzungulira khola, chifukwa linthumbu limabwera usiku.

Posiya moto, yambani ndi wa masana, wa usiku utsale. Gwirani mwanapiye mmodzi, muone pamutu, pakhosi ndi kunsi kwa mapiko. Ngati pakadali kaubweya, mbaula ya usiku ipitirire sabata ina, makamaka ngati ndi nyengo yozizira.