Phunziro: Ana amasiye akutali ndi athu omwe

Werengani: Yakobe 1:27 ndi Yohane 6:1-13

Tikamva za mabungwe akunja othandiza ana amasiye ndi mabanja osauka, timaganiza kuti ndi a anthu olemera amene ndalama zawasefukira. Phunziro la lero likutionetsa kuti ntchito zambiri zotere zidayamba ndi anthu wamba ngati ife, amene adamva kulira kwa anzawo a dziko lina ndipo sadakhale chete.

Chitsanzo cha Mary's Meals

M'chaka cha 1992 ku Bosnia kunali nkhondo. Magnus MacFarlane-Barrow, mnyamata wachikatolika wa m'mudzi wa Dalmally ku Scotland, ankagwira ntchito yoweta nsomba. Iye ndi mbale wake Fergus ataona pa wailesi ya kanema mmene anthu ankavutikira, adapempha achinansi awo zakudya, zovala, mabulangete ndi mankhwala. Adalonga katunduyo m'galimoto yakale nakapereka okha. Pobwerera kwawo adapeza kuti anthu akubweretsabe katundu wina, moti kashedi kamalata ka makolo awo kadali kodzaza. Magnus adasiya ntchito yake nadzipereka kotheratu ku ntchito yachifundoyi.

Mu 2002, chaka cha njala ija tonse timaikumbukira, iye adabwera kuno ku Malawi. M'nyumba ina adapeza mayi wodwala Edzi ali gone, ana ake asanu ndi mmodzi atamuzungulira. Atafunsa mwana wamkulu, wa zaka 14, zimene amalakalaka pa moyo wake, mnyamatayo adatchula ziwiri zokha: chakudya chokwanira ndi mwayi wopita kusukulu. Yankho limeneli ndilo lidabala Mary's Meals, bungwe lotchedwa dzina la Amayi Maria. Lidayamba ndi ana pafupifupi 200 kuno kwathu. Pofika mu 2015 linkadyetsa ana 1 miliyoni tsiku lililonse la sukulu, ndipo mu 2021 chiwerengero chidapitirira 2 miliyoni m'maiko monga Malawi, Zambia, Kenya, Liberia, Haiti ndi India.

Tikuphunzirapo chiyani?

Choyamba, Magnus adafunsa asanathandize. Akadangoganiza yekha, mwina akadabweretsa nsapato kapena zidole. Nthawi zambiri timapita kwa ana amasiye ndi zimene ife tasankha, osawafunsa iwo kapena agogo amene akuwalera. Chifundo chabwino chimayamba ndi kukhala pamphasa ndi kumvetsera.

Chachiwiri, thandizo limapita kumene mwana ali, osamuchotsa pakati pa abale ake. Phala limaphikidwa pasukulu, ndipo mwana aliyense wa pasukulupo amamwa, wamasiye ndi wa makolo omwe. Motero palibe mwana wolozedwa chala kuti uyu ndiye wovutika. Phalalo ndi la ufa wa chimanga ndi soya wothira mavitamini. Mwana amene wamwa phala amatha kutsatira zimene aphunzitsi akunena, ndipo agogo osowa chakudya cham'mawa amakhala ndi chifukwa chomutumizira kusukulu m'malo momutumiza kuganyu.

Chachitatu, ndalama zochokera kunja pazokha siziphika phala. Ku Scotland ndi maiko ena anthu odzipereka amasonkha ndalama m'matchalitchi ndi m'masukulu, ena amagulitsa makeke kapena zovala zakale. Kuno kwathu amayi amadzuka mbandakucha, kutunga madzi, kusonkha moto ndi kutakasa miphika ikuluikulu popanda malipiro. Ena mwa inu mwagwirapo mthiko umenewo. Mayi wa ku Scotland ndi mayi wa kuno sadziwana, koma akulera mwana mmodzi. Paja mutu umodzi susenza denga.

Kodi ife ndife olandira okha?

Apa ndiye pagona nkhani. Tikazolowera kulandira, timayamba kuganiza kuti ntchito yothandiza anthu a maiko ena si yathu. Komatu m'nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, dziko lathu lidasunga anthu othawa kwawo oposa 1 miliyoni, ndipo mabanja a ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza adagawana nawo malo, madzi ndi nkhuni. Lero ku Dzaleka m'boma la Dowa kuli mabanja ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ndipo pakati pawo pali ana amene adafika opanda makolo. Chopereka chathu cha Lamulungu la Misyoni, mwezi wa October, chimaphatikizidwa ndi cha Akatolika a dziko lonse lapansi n'kukathandiza mipingo yosowa, kuphatikizapo ya maiko amene sitidzafikako.

Mu Uthenga Wabwino wa Yohane, amene adapereka buledi msanu ndi nsomba ziwiri anali mnyamata chabe, ndipo Andrea adaona ngati n'zosakwanira. Ambuye Yesu adalandira zochepazo, anthu onse nakhuta. Yakobe woyera naye akutikumbutsa kuti chipembedzo choona chimaonekera pa kusamala ana amasiye ndi amayi amasiye pa mavuto awo. Sadaikepo malire a dziko kapena mtundu. Makolo athu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mafunso okambirana

1. Mumphakati mwathu muli ana amasiye angati? Tidawafunsapo iwo ndi owalera zimene akusowa?
2. Kodi kathandizidwe kathu kamasunga ulemu wa mwana, kapena kamamuchititsa manyazi pamaso pa anzake?
3. Chaka chino bungwe lathu lingapatule chiyani, kaya ndi ndowa ya chimanga, sopo kapena ndalama, chothandizira ana a dziko lina? Ndani adzalemba ndi kufotokoza mmene zayendera?

Pemphero

Ambuye Yesu, landirani zochepa zimene tili nazo ndipo muzichulukitse. Tipatseni mtima wokonda ana apafupi ndi akutali omwe. Amayi Maria, mutipempherere. Amen.