Kubweza kompyuta momwe inalili dzulo

Makompyuta ambiri apakhomo amasokonezeka pa nthawi ya update. Magetsi amathima mafayilo ali mkati molowa, kapena driver yatsopano imakana kugwirizana ndi makinawo, ndiye mukayatsa mawa lake skirini ili bii. Musathamangire kwa okonza kuti akafufute zonse. Ngati munakonzekeratu, mutha kuibweza momwe inalili ndi snapshot, chomwe ndi chithunzi cha mafayilo oyendetsa kompyuta pa nthawi imene munachitenga.

Pa Windows, lembani "Create a restore point" pamalo ofufuzira, muone ngati chitetezo cha drive C chili choyatsa, chifukwa pa Windows 10 nthawi zambiri chimabwera chozimitsa. Chiyatseni, ndipo muzidina Create musanaike pulogalamu iliyonse yomwe simukuikhulupirira.

Pa Linux Mint, ntchitoyi ndi ya Timeshift, ndipo imakufunsani njira ziwiri. Ngati disiki yanu ili pa ext4, yomwe ndi njira imodzi yosungira mafayilo pa disiki, sankhani RSYNC. Imakopadi mafayilo, choncho ulendo woyamba imachedwa ndiponso imadya malo. Njira ya BTRFS, yomwe ndi ya disiki yomwe ili pa Btrfs m'malo mwa ext4, imatha m'kanthawi kochepa, chifukwa Btrfs salemba pamwamba pa zakale. Zosintha amazilemba pamalo ena, zakalezo n'kutsala osakhudzidwa, ndipo snapshot imangoloza pomwe zili. Pa openSUSE, pulogalamu ya Snapper imatenga yokha chithunzi isanayambe update ndi ikatha, moti zikavuta mumasankha chithunzi chakale pa menyu yoyatsira kompyuta.

Komabe sindingakulangizeni kufufuta kompyuta yoyenda bwino pa ext4 pofuna Btrfs basi. Ext4 yakhala yokhazikika kuyambira 2008. Btrfs inalowa mu Linux mu 2009, koma inatenga zaka kuti anthu ayikhulupirire. Kampani ya Red Hat inaisiya, koma Linux ya Fedora inayamba kuika yokha Btrfs mu 2020. Pa disiki imodzi ndi yodalirika masiku ano, koma njira zake zophatikiza ma disiki angapo za RAID5 ndi RAID6 muzipewe.

Chomwe ambiri amachiiwala n'chakuti snapshot siteteza zithunzi za ukwati kapena masatifiketi a ana. System Restore ya pa Windows ija sikhudza mafayilo anuanu, ndipo Timeshift imasiya foda ya home pokhapokha mutaiuza. Komanso nthawi zambiri zonse zimakhala pa disiki yomweyo, moti disikiyo ikafa kapena laputopu ikabedwa, zapitira limodzi. Zofunikazo muzikopera pa hadi draivi yapadera yomwe mumaichotsa n'kuisunga kwina. Ma snapshot akale muzifufuta n'kusiyako ochepa, chifukwa Btrfs ikadzaza disiki imavuta kwambiri kuikonza.