Phunziro la Dziko Lathu: Mudzi wa Chembe, ku Cape Maclear

Kumwera kwa Nyanja ya Malawi madzi agawika mphanda ziwiri, ndipo pakati pa mphandazo pali dziko lamapiri la Mfumu Nankumba, m'boma la Mangochi. Kunsonga kwa dziko limeneli ndiko kuli mudzi wa Chembe, umene alendo amaudziwa ndi dzina lakuti Cape Maclear. Munthu wochokera ku Monkey Bay ayenda mailosi ngati 11 pa msewu wokhotakhota pakati pa matanthwe ndi nkhalango, kufikira atsikira m'kachigwa kamchenga kokhala ndi milambe ikuluikulu.

Woona malowa ali m'bwato sangalephere kuwakonda. Mapiri a kumbuyo atchinjiriza gombe ku mwera, mphepo yoopsa ija ya nyengo yachisanu, ndipo kutsogolo zilumba za Domwe ndi Thumbi zichepetsa mafunde. Koma woona ali pamtunda, khasu lili m'manja, aona zina: chigwacho nchopapatiza, nthaka yake njamchenga, ndipo mtsinje waukulu palibe. Mbiri yonse ya Chembe yagona pa zinthu ziwirizi.

David Livingstone anazungulira nsongayi pa bwato m'chaka cha 1861, naitcha dzina la bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa za nyenyezi wa ku Cape Town. Iye atamwalira mu 1873, a Mpingo wa Free Church of Scotland anatumiza amishoni kuti amukumbukire ndi ntchito. Mtsogoleri wao anali E. D. Young, ndipo pakati pao panali dotolo wachinyamata, Robert Laws. Anadza ndi sitima yaing'ono yotchedwa Ilala, imene anaimasula zidutswazidutswa pa mathithi a Shire, anthu mazanamazana naisenza pamutu kufikira kumtunda kwa mathithiwo. Mu Okutobala 1875 sitimayo inalowa m'nyanja, ndipo Mfumu Mponda atawalola, anamanga misasa pa Cape Maclear, natcha malowo Livingstonia.

Tsono Young anali munthu wa pamadzi, ndipo anasankha monga asankhira munthu wa pamadzi: anafuna dooko labwino la sitima yake, nalipezadi. Zotsalazo zinaoneka pambuyo. Anthu okhala pafupi anali ochepa, kotero kuti ambiri a pa sukulu ndi pa ntchito anali othawa ukapolo ndi ana otumizidwa kuchokera kuchigwa cha Shire. Minda sinabale mokwanira, kashembe anapha ng'ombe, ndipo malungo sanasankhe khungu. Mu 1877 anamwalira Dotolo William Black, ndiponso mphunzitsi Shadrach Mngunana, Mxhosa wochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, amene dzina lake silitchulidwa kawirikawiri monga liyenera. Manda ao alipo kufikira lero patsinde pa phiri.

Zaka zisanu zinapita osabatizidwa ngakhale mmodzi. Woyamba anali Albert Namalambe, mu Malichi 1881, ndipo chaka chomwecho amishoni anasamukira ku Bandawe, kwa Atonga. Pambuyo pake, mu 1894, anakwera ku Khondowe, kumene dzina la Livingstonia lakhazikika. Posamuka anasiya sukulu ndi mapemphero m'manja mwa Namalambe yemweyo, nakhala iye wosunga ntchito imene eni ake anailephera pamalopo.

Madzi odekha aja anakopanso ena. Mu 1949 ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC, zoyenda pakati pa England ndi South Africa, zinayamba kuima pa Cape Maclear, apaulendo nagona m'hotela ya pagombe. Koma mu 1950 ulendowo unatha, ndipo hotelayo sinakhalitse.

Otsala nthawi zonse ndiwo asodzi, pakuti iwo munda wao ndi nyanja. Usiku amuna apita kutali ndi nyali ndi makoka a chilimira kukakola usipa ndi utaka, ndipo m'mawa akazi ayanika nsombazo pa thandala. Mbiri ya nsomba itamveka, anadza ena kuchokera kumpoto kwa nyanja nakhala pamodzi ndi eni mudzi, kufikira Chembe inasanduka mudzi wa anthu zikwi zambiri, pa kachigwa komwe kaja kamene sikanathe kudyetsa mishoni imodzi.

M'chaka cha 1980 Boma linaika mapiri, zilumba ndi madzi a m'mbali mwake kukhala malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawawerengera pa chuma cha dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba tamawangamawanga ta m'miyala tosapezeka mwachibadwa kwina kulikonse. Mudzi sunachotsedwe, koma unazingidwa. Lamulo liletsa kusodza pa mamitala 100 kuchokera ku gombe lotetezedwa, ndipo mai wofuna nkhuni m'phiri ayenera kukhala ndi chilolezo, natola zouma zokha. Alendo odzaona mbuna abweretsa ndalama kwa ena. Koma mabanja ambiri ndiwo zao ndi mankhwala ao zichokerabe m'khoka.

Palinso nthenda ya likodzo, imene inachuluka pagombeli kuyambira zaka za m'ma 1980. Akatswiri ena apeza kuti nsomba zodya nkhono zitachepa chifukwa cha makoka a m'mbali, nkhono zosunga tizilombo ta nthendayi zinaswana kwambiri m'madzi osaya, momwe ana asambira ndi momwe akazi atsukira mbale.