PHUNZIRO 6: NGONGOLE IKAKULA, ZA KU BANKI ZIMATHA BWANJI?

Abale ndi alongo, tisanayambe kukambirana, wina atiwerengere 2 Mafumu 4:1-7. M'menemo tikumva za mayi wamasiye amene mwamuna wake adamsiyira ngongole, ndipo mwini ngongoleyo adafuna kudzatenga ana ake awiri. Onani kuti mneneri Elisa sadamuuze mayiyo kuti athawe. Adamuuza kuti agulitse mafuta, abweze ngongole, ndipo zotsalazo adye ndi ana ake.

Tiyerekeze bambo wina wa kufupi ndi Kamwendo. Amalima fodya ndi soya, ndiponso ndi msungichuma wa Mphakati. Adakongola ku banki kuti agule feteleza. Mu Novembala 2023 Kwacha idagwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo idakwera, ngongole ija sidakwanire, choncho adakaonjezera kwa a katapila. Pa nthawi yomweyo akhristu ankasonkha ndalama za malata a tchalitchi, ndipo iye, poopa akuba, adakaziika m'buku lake la ku banki. Atagulitsa fodya ku Kanengo adapita kukatapa, koma adapeza m'buku mulibe kanthu. Banki idadula zake. Za malata zidapitira limodzi.

Kodi banki idaba? Iyayi. Banki siidziwa kuti iyi ndi ya soya, iyi ndi ya malata. Imaona dzina lolembedwa pa buku. Ndiponso mapepala a ngongole amene timasaina mothamanga aja, kawirikawiri amapatsa banki mphamvu yodula ngongole yake pa ndalama zilizonse zimene muli nazo m'banki yomweyo. Ngakhale amene mudamkongola ndi munthu wamba, akakupambanani mlandu angathe kupempha khoti kuti lilamule banki kumpatsa ndalama za m'buku lanu, kapena kutumiza masherifu kudzalanda katundu.

Tsono mutu wa phunziro lathu ndi uwu: ndalama za gulu zisagone m'buku la munthu mmodzi. Za Mphakati, za kwaya, za Amayi Akatolika, za banki mkhonde, zikhale m'buku la dzina la gululo, losainira anthu awiri kapena atatu. Chimodzimodzi za pa foni, kaya ndi Airtel Money kaya Mpamba. Ena amati kutero ndi kumkayikira msungichuma. Ine ndaphunzitsa katekisimu zaka zambiri, ndipo asungichuma amene ndidawaona akuleka kubwera ku Misa chifukwa cha manyazi, ambiri sadali akuba. Adali anthu okhulupirika amene adasakaniza ndalama. Ndipo inu msungichuma, mukaona kuti ngongole zanu zakufikani m'khosi, uzani a komiti lero lomwe, muwerengetse ndalama za gulu pamaso pa mboni, muzipereke.

Kodi malamulo akuti chiyani?

Choyamba chotonthoza mtima: ndime 19 ya malamulo aakulu a dziko lino ikuletsa kutsekera munthu m'ndende chifukwa chongolephera kukwaniritsa pangano, monga kubweza ngongole. Wokuopsezani ndi apolisi pa ngongole wamba akungodyera umbuli wanu. Koma kukongola mwachinyengo, kapena kunyozera chisamani cha khoti, imeneyo ndi milandu ina.

Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lotchedwa Insolvency Act, loona za anthu ndi makampani amene alephereratu kubweza ngongole. Khoti lalikulu likagamula kuti munthu wafika pamenepo, chimene pa Chingerezi amati bankruptcy, chuma chake chimachoka m'manja mwake. Chimayang'aniridwa ndi mkulu wa boma wotchedwa Official Receiver kapena munthu wina woikidwa mwa lamulo, amene amachigawa kwa eni ngongole. Ndalama za ku banki zili m'gulu la chumacho. Munthuyo ayenera kuulula mabuku ake onse, ndipo mpaka khoti litammasula sangaime ngakhale pa chisankho cha phungu. Kunena zoona, ife a kumudzi sitifika kawirikawiri ku khoti lalikulu. Athu amathera kwa a mfumu kapena kwa majisitireti pa boma. Komabe nzeru yake ndi imodzi.

Kuno ku Mchinji tili ndi chiyeso chimene a maboma ena alibe. Chipata ali pafupi. Munthu akapanikizika amaganiza zotapa zonse usiku, kuzisintha kwa anyamata a pa chipata cha Mwami, nkukazisungitsa kwa mlamu wake tsidya linalo. Wina amasamutsira ndalama m'buku la mkazi wake, kapena kulembetsa ng'ombe m'dzina la mphwake. Lamulo limalola khoti kubweza chuma chimene munthu adachisamutsa pozemba eni ngongole, ndiye kuti mwamkokera m'mlandu m'bale wosalakwa. Kwa mkhristu palinso lamulo lachisanu ndi chiwiri la Mulungu. Amene mukumzembayo nthawi zambiri si banki yaikulu, ndi mayi wa mu banki mkhonde amene akudikira gawo lake kuti alipirire mwana sukulu.

Njira yabwino imayambira pa pepala. Khalani pansi ndi akunyumba kwanu, mulembe ngongole zonse, mwini wake, chiwongola dzanja ndi chikole. Osabisirana. Amayi ambiri amamva za ngongole tsiku limene njinga ikutuluka pakhomo. Kenaka pitani ku banki kapena ku SACCO musanaitanidwe, mupemphe chikalata choonetsa momwe ngongole yayendera, ndipo mupemphe kuti akutalikitsireni nthawi. Zimene mwagwirizana zilembedwe, inu musunge kope. Kuthawa sikufafaniza dzina, pakuti chiyambire lamulo la 2010 la Credit Reference Bureau, mabungwe obwereketsa ndalama amatha kuona mbiri ya ngongole za munthu. Musatenge katapila kuti mutseke ngongole ya ku banki, ndipo musapereke khadi lanu ndi nambala yake yachinsinsi ngati chikole. Ngati wa katapila wakukwezerani chiwongola dzanja mopanda chifundo, lamulo la Loans Recovery Act limapatsa khoti mphamvu younikanso panganolo. Wosowa ndalama za loya akafunse ku Legal Aid Bureau, kapena ayambire kwa a Chilungamo ndi Mtendere a pa parishi.

Mawu amodzi kwa osainira anzawo ngongole: mwini wake akalephera, adzagogoda pa khomo panu ndi pa buku lanu.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Ndalama za Mphakati wathu zili m'dzina la yani lero? Amasainira ndani?
2. Bambo wa ku Kamwendo uja akadakhala wa Mphakati wathu, tikadatani naye Lamulungu lotsatira?