Zaka zinakwana, koma buku linali kwa agogo

Ku Nkaya, kumene njanji yopita ku Nacala imakumana ndi ya ku Limbe ndi Salima, kunali mnyamata wobadwa ndi kachilombo ka HIV. Amayi ake anamwalira ma ARV aulere atangoyamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2004, ndipo analeredwa ndi agogo ake aakazi. Agogowo ndiwo ankasunga buku la kuchipatala, ndiwo ankakumbukira tsiku lokatenga mankhwala, ndiwonso ankafunsa asanagone kuti, "Iwe, wamwa?" Akamuyeza magazi, kachilombo kankapezeka katagona, ndipo aliyense ankamuyamikira mnyamatayo.

Ankapita ku Teen Club, gulu la achinyamata a zaka 10 mpaka 19 omwe anauzidwa kale za m'thupi mwawo. Bungwe la Baylor linayambitsa magulu amenewa ku Lilongwe mu 2006. Amakumana Loweruka kuti sukulu isasokonekere. Pamakhala masewero, anzako ndi namwino wokudziwa dzina.

Zaka zitapitirira, anamuuza kuti wakula, azikafola ndi akuluakulu. Anawerenga zaka basi. Palibe anamufunsa dzina la mankhwala ake, kapena tanthauzo la viral load, kuchuluka kwa kachilombo m'magazi. Palibe anamuyesa kubwera yekha kangapo, agogo atatsala kunyumba, kuti aone ngati tsiku alikumbukire. Zoti adzamuuza bwanji chibwenzi chake, kapena kuti wosamuka amapempha kalata ya transifa, sizinakambidwe n'komwe. Kunena zoona, amene anali wokonzeka anali agogo, ndipo mayeso onse a zaka zimenezo ankakhoza ndi iwo.

Pamzere wa akuluakulu anakhala benchi limodzi ndi anzawo a amalume ake, komanso mayi wina wogulitsa zitumbuwa pasiteshoni. Manyazi anamugwira. Dokotala anali ndi khamu panja, anangofunsa ngati pali vuto, iye n'kuti palibe. Kenako anapeza ganyu ku Limbe, ananyamula botolo limodzi la mankhwala, buku analisiya m'chikwama cha agogo. Botolo litatha sanapite kuchipatala chilichonse, poganiza kuti mlendo sangamulandire. M'thupi ankamvamo bwino, ndipo matendawa amapusitsa pomwepo: kachilombo kamachulukana mwakachetechete, chitetezo chikutsika, munthu akunyamula matumba ngati kale.

Anabwerera ku Nkaya ataonda, akutsokomola usiku wonse. Anamupeza ndi chifuwa chachikulu cha TB, ndipo anayamba mankhwala a miyezi 6 pamwamba pa ma ARV oyambiranso.

Agogo analira kuti anamusamala mokwanira, ndipo sananame. Koma tsiku lomugoneka m'chipatala namwino anamufunsa kuti, "Achimwene, munkamwa mankhwala anji?" Mnyamata wa zaka 21 anatembenuka kuyang'ana agogo ake kuti amuyankhire.