Compiler ndi Linker: Zida Ziwiri za Wolemba Mapulogalamu

Uthengawu ndi wa ophunzira a ku Mzuni ndi ku Mzuzu Technical College, komanso inu amene mukudziphunzitsa nokha chiyankhulo cha C pa laputopu ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa.

Mukadina Build mu Code::Blocks, zimaoneka ngati chida ndi chimodzi. Zida zilipo ziwiri, ndipo wosazisiyanitsa amachezera usiku kukonza pamene palibe vuto.

Compiler imatenga fayilo imodzi payokha n'kuisandutsa malamulo amene kompyuta imamva. Lembani gcc -c main.c, mupeza main.o. Fayilo imeneyi singayende. Ngati main.c ikuitana function yotchedwa werengera imene ili mu masamu.c, compiler sipita kukaiyang'ana kumeneko. Imangoona mu masamu.h kuti dzinalo linatchulidwa, n'kusiya mpata.

Wotseka mpatawo ndi linker. Ili ngati telala wa mumsika amene wapatsidwa manja, kolala ndi thupi la malaya, zodulidwa kale, kuti asoke pamodzi. Mukapanganso masamu.o ndi gcc -c masamu.c, lembani gcc main.o masamu.o -o pulogalamu. Linker ilumikiza mafayilowo, n'kuwonjezera zochokera mu library ya C, monga printf. Apa ndi pamene pulogalamu yoyenda imatuluka.

Zikakanika, yambani mwaona amene akudandaula. Compiler imatchula fayilo ndi nambala ya mzere: mwina mwaiwala semicolon, kapena mwagwiritsa ntchito dzina losatchulidwa. Koma mukaona "undefined reference to" ndi "ld returned 1 exit status", ameneyo ndi linker. Musavutike ndi ma semicolon. Onani ngati masamu.c ili mu project, ngati dzina la function lalembedwa chimodzimodzi konsekonse, ndiponso ngati library yatchulidwa. Pa Linux, sqrt imafuna -lm kumapeto kwa lamulo, ngakhale mutaika kale math.h pamwamba.

Kugawa ntchito kotereku n'kothandiza: mukasintha fayilo imodzi ya .c, yokhayo ndiyo imabwerera ku compiler, zinazo zimangolumikizidwa. Pulogalamu ikakula, laputopu ili yakale, magetsi atazima, nthawi imene mumapulumutsa motere ndi yamtengo wapatali.

GCC, imene Richard Stallman anatulutsa koyamba mu 1987, ndi yaulere. Pa Windows, tengani Code::Blocks imene dzina lake lili ndi mawu akuti mingw, chifukwa imabwera ndi zida zonse ziwiri. Mnzanu akhoza kukuikirani pa flash, ndipo mukaiika sifunanso bando ya intaneti. Sabata yoyamba lembani malamulo a gcc aja pamanja musanazolowere batani la Build.