Mwana wanga akufuna kubwerera kuphiri

Funso: Ndimakhala ku Scotland. Mnyamata wanga wa zaka 16 anavulala msana pa ngozi ya galimoto, ndipo pano amayendera njinga ya olumala. Kale ankakonda kutsetsereka pa sinowo ndi anzake. Tsopano akundichonderera kuti ayambirenso pa kampando kotchedwa sit-ski. Ine mtima uli m'mwamba. Ndimukanize? Mayi wodandaula

Yankho: Pepani kwambiri, mayi. Munthu amene anachezerapo usiku pambali pa bedi la mwana wake kuchipatala sangamve za phiri loterera osanjenjemera. Mantha anuwo ndi a kholo, musadziimbe nawo mlandu.

Komabe tamvetserani bwino pempho lake. Ngozi inamulanda miyendo, koma mtima wofuna kukhala pakati pa anzake idamusiyira. Makolo ambiri amalira chifukwa mwana wadzitsekera m'chipinda. Wanuyu akupempha kutuluka.

Kampandoko si kongoponyedwa kuphedi ayi. Woyamba kumene nthawi zambiri amakhala pa bi-ski, mpando wotsika wokhala ndi timatabwa tiwiri pansi. Amamumangirira bwino m'chiuno ndi m'miyendo, mphunzitsi n'kumatsatira pambuyo atagwira mpandowo kapena zingwe zake. Akazolowera amasamukira pa monoski, ya thabwa limodzi, yokhala ndi sipulingi yochepetsa kugwedezeka. Pamenepo amadziwongolera yekha ndi ndodo ziwiri zazifupi zokhala ndi timatabwa kumapeto. Pa mpando wotere Anna Schaffelhuber wa ku Germany anapata mendulo zisanu zagolide pa masewera a Paralympics ku Sochi mu 2014.

Sindikubisirani, kugwa kulipo. Koma chimene ine ndimaopa kwambiri n'chobisika: miyendo yosamva singamuuze kuti yazizidwa, ndipo mpando wothina ungamuchititse zilonda iye osadziwa. Choncho yambani mwaonana ndi dokotala wake wa msana. Akavomera, mwanayo azivala zofunda zokwanira ndi chipewa cholimba, ndipo pobwera kunyumba muziona khungu lake.

Musathamangire kugula, zipangizozi n'zodula. Bungwe la Disability Snowsport UK limaphunzitsa anthu aulumali, kuphatikizapo ku Scotland konko, ndipo mipandoyo ali nayo. Afunseni mafunso onse amene akukusowetsani tulo.

Tsiku loyamba mupite naye. Mumuuze poyera kuti mukuopa, pakuti ndi wamkulu, amva. Kenako mukaime m'munsi mwa phiri, tiyi wotentha ali m'manja, muone nkhope yake akamatsika.